Fungo la Mkungudza m'Botolo la ku Nyamitondo

Botolo la ku Nyamitondo linkafika Lachitatu loyamba la mwezi uliwonse, lili m'bokosi la ayezi pamodzi ndi mabotolo ena asanu ndi limodzi, ndipo wolilandira anali Zulmira. Ntchito yake inali yoyeza madzi mu labolatoryo ina yaing'ono ku Moatize, kuseri kwa njanji, m'chipinda chopanda zenera chimene chinkazizira ngati m'phanga ngakhale mwezi umene kunja mbuzi zimapumira m'kamwa. Kampani ina ya mgodi wa malasha ndiyo inkatumiza madzi a m'zitsime za midzi yoyandikana nayo kuti aziyezedwa, ndipo pepala lililonse lonena kuti madzi ali bwino linkatuluka ndi dzina la Zulmira pansi pake.

Makina ake ankawanyadira kuposa mmene ena amanyadira ana awo. Ukamulola kuti afotokoze, tiyi wako ankazizira. Ankati madzi amene iwe ukuti ndi madzi basi amakhala ndi khamu m'kati mwake. Iye ankachotsa khamulo m'madzimo n'kulisonkhanitsa m'kadontho kamodzi, kadonthoko n'kukabayira m'makina. Mmenemo kankasanduka nthunzi n'kuyenda m'kapaipi kowonda ngati ulusi, kotalika mamita makumi atatu, kokulungidwa ngati nkhata. Zopepuka zinkatulukira kutsidya msanga, zolemera pambuyo, monga zikhalira potuluka m'tchalitchi, ana patsogolo, nkhalamba zikukwekwereza mapazi. Chilichonse chikafika potulukira chinkaswedwa, zidutswa zake n'kuyezedwa kulemera, kenako kompyuta inkafufuza m'nkhokwe yake ya mayina kuti zidutswa zoterezi mwini wake ndani. Pagalasi pankayenda mzere wonjenjemera pang'ono, umene a ntchitoyi amautcha udzu, ndipo chinthu chikatuluka mzerewo unkadumpha n'kupanga nsonga.

"Makina amenewa," adauzapo abale ake pa ukwati wina, kapu imodzi ya vinyo itamumasula lilime, "angapeze kambewu kamodzi ka mchere mu mgolo wodzaza madzi." Abale adati eee, ena adagwira pakamwa.

Botolo la ku Nyamitondo silinali ngati enawo, chifukwa kumeneko ndiko kudakwatiwa Élia, mng'ono wake. Awiriwa adakulira kumtunda, ku Zóbuè, koma ukwati udatsitsira Élia kuchigwa, kwa mwamuna wowotcherera zitsulo kumgodi. Pamene anthu a midzi ya Mithete ndi Bagamoyo ankasamutsidwa kuti mgodi upeze malo, Nyamitondo adatsala, poti mzere wa pamapu udamudutsa pambali. Adatsala ndi nyumba zake makumi atatu, chitsime chimodzi, ndi phiri lakuda la zotaya za mgodi limene linkakula kumbuyo kwake chaka ndi chaka.

Miyezi khumi m'mbuyomo Élia adaika m'manda mwana wake woyamba, Berta, wa zaka ziwiri. Mwanayo adayamba kufooka, maso adachita chikasu, ndipo adapita anthu osadziwa bwinobwino chimene chidamudya. Patatha sabata Élia adaimbira foni mkulu wake, amene ankamutchula kuti Mana. "Mana, anthu kuno akuti ndi chitsime. Madziwa akumanunkha." Zulmira adatsegula mapepala onse, adawawerenga limodzilimodzi, ndipo adayankha ndi mawu a munthu wophunzira. "Limenelo ndi fungo la fumbi la malasha basi. Ndayeza ine, ndi manja angawa. Imwani osaopa." Élia adakauza amayi anzake, ndipo zidebe zidabwerera kuchitsime. Tsopano Élia anali ndi pakati pena, pa miyezi isanu ndi iwiri, ndipo tsiku lililonse ankamwa madzi amene mkulu wake adawavomereza.

Chidayambitsa nkhani chinali chaching'ono. Shefi wake, Dona Cármen, mkulu wa labolatoryo, adabwera kuchokera kumsonkhano ku Tete ndi lamulo latsopano. Kale kompyuta inkangofunsidwa mayina makumi anayi a ziphe zodziwika, ikati mulibe, pepala linkasainidwa, mzere wonse palibe ankauyang'ana. Tsopano nsonga iliyonse yooneka pagalasi inkayenera kupatsidwa dzina. Zulmira adadandaula chamumtima, pakuti ntchito yoteroyo ndi yosankha mpunga m'mchenga, koma adayamba.

Zitsime zisanu ndi chimodzi zidaonetsa zimene zitsime za kumudzi zimaonetsa, kasopo apa, kadizilo apo, zina za kukhola. Atafika pa la ku Nyamitondo adapeza mzere uli see, ngati pabwalo posesa kumene. Udayenda chomwecho mphindi khumi, khumi ndi zisanu, ndipo pa mphindi ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri padaima nsonga imodzi yokha, yayitali, yowongoka, yopanda mnzake. Kompyuta idapereka mayina atatu, koma mochita kukayika, ngati mwana amene akuyankha poyang'ana nkhope ya mphunzitsi. Onse atatu anali achibale a mafuta a mumtengo, ndipo palibe limene zidutswa zake zinkafanana kwenikweni ndi za chinthucho.

Munthu wa ntchito imeneyi akaona chachilendo amayamba wadzikayikira yekha. Zulmira adabayira madzi oyera a mu labolatoryo, opanda kanthu, ndipo nsonga sidaoneke. Adatsukuluza botolo latsopano n'kuyeza zotsukuluzazo, osaoneka. Adaviika chivindikiro, adaviika magolovesi, adayeza mafuta amene ankadzola m'manja, adayeza sopo wa mayi wokolopa, adasintha singano ya makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha Zulmira anali nako kochita kutopetsa anthu. Masiku atatu adatha, zonse zili zoyera. Akangobwezeramo madzi a ku Nyamitondo, nsonga ija inkaima pamalo pake pomwe paja.

Tsiku lachinayi adatsegula zakale, poti makina ankasunga mzere wonse ngakhale munthu asauyang'ane. Mwezi watha, inalimo. Mwezi winawo, inalimo. Adabwerera m'mbuyo mpaka botolo loyamba, la zaka ziwiri zapitazo, ndipo m'mabotolo onse makumi awiri ndi anayi chinthucho chinkatuluka pa mphindi yomweyo. Miyezi ina chinkatalika, ina chinkafupika, ngati chifuwa cha munthu amene ali mtulo. Zaka ziwiri chakhala chikuima pagalasi lakelo, iye ali pampando womwewo, akusaina.

Adatenga madzi onse otsala m'botolo, adachotsamo za m'kati mwake, n'kuziumitsa pang'onopang'ono mpaka pansi pa kagalasi padatsala kachinyezi kosakwana msozi. Nthawi inali itakwana wani koloko masana. Kumgodi kudalira chenjezo, kenako pansi padagwedezeka monga pankachitira tsiku lililonse akamaphulitsa miyala, magalasi a m'mashelefu n'kuyamba kulankhulana. Lamulo loyamba limene amaphunzitsa kushikola ya ntchitoyi ndi lakuti chinthu chosachidziwa sanunkhiza. Zulmira, amene ankakalipira anzake pa zazing'ono kuposa pamenepa, adanyamula kagalasiko n'kukafikitsa pamphuno.

Linali fungo la mtsuko wa amayi ake.

Sadachite kuganiza kapena kufanizira. Amayi akewo, a Inês, Loweruka lililonse ankakhuthula mtsuko wa madzi akumwa, n'kuuvundikira pa makala amene adathirapo zopala za mkungudza. Zopalazo ankakapempha kwa akalipentala a ku mishoni, amene ankakhoma mabenchi a m'tchalitchi ndi mabokosi a maliro. Madzi a mumtsukomo ankazizira mpaka m'mano, ndipo ankamveka kautsi konunkhira kamene Zulmira sadakamvenso pakhomo lina lililonse. Koma a Inês anali atagona m'manda a ku Zóbuè zaka zitatu. Ndipo mkungudza ndi mtengo wa kumapiri ozizira, ku Nyamitondo kumamera tsanya ndi malambe.

"Amayi?" adatero, mawu atatuluka okha.

M'chipindamo munalibe munthu wina. Makina adachita kaphokoso kawo, mkono wake wachitsulo udayenda wokha, udatola kagalasi kotsatira n'kubaya, monga unkachitira nthawi zonse. Zulmira adauona mkonowo ukutero kambirimbiri, koma tsiku limenelo adatuluka osatseka chitseko.

Panja dzuwa linali lofiirira ndi fumbi. Pansi pa mthethe Sidónio ankatsuka galimoto. Ameneyu anali dalaivala wachikulire, wa imvi m'ndevu, amene ankazungulira midzi kutenga madzi aja; Zulmira ankamulemekeza pomutchula Tiyu, ngati malume, iye n'kumamutchula Dotora, ngati dokotala.

"Tiyu Sidónio, madzi a ku Nyamitondo mumatunga pati?"

"Pachitsime, Dotora. Nanga pati pena?" Adayankha akuyang'ana tayala.

"Simudaonepo chachilendo kumeneko?"

Mkuluyo adafinya chiguduli chake nthawi yaitali. "Mudzi uja uli ndi zake. Manda akale a mgodi adawafukula, mafupa adapita kwina, eni ake adatsala. Ine ndikafika sindikhalitsa." Adadzilemba chizindikiro cha mtanda ndi dzanja lonyowa, ndipo adabwerera ku tayala lake, limene linali loyera kale.

Zulmira anali Mkatolika wa Misa ya Lamulungu, wosakhulupirira za mizimu yoyendayenda, ndipo akadamva wina akunena zoterezi akadamuseka mpaka misozi. Koma anali ndi mangawa mumtima. Amayi ake pomwalira iye anali ku Beira, akuphunzira makina omwewa. Adafika ataika kale, adagona masiku awiri, n'kubwerera katundu asanagawidwe. Tsopano fungo lawo linkatuluka m'madzi amene mwana wawo wotsiriza ankamwa, ndipo linkatulukira kwa iye, m'makina amene adamulepheretsa kuwatseka maso. Ankachita mantha, ndipo manthawo ankamuchititsa manyazi. Kudya kunkamukanika. Pomaliza adadziuza kuti ngati ndi mkungudza, akatenge mkungudzawo auyeze, nsonga ziwiri aziike pamodzi. Imeneyo inali nzeru ya ntchito, koma chimene chidamukweza shapa, kaminibasi kopita ku Zóbuè, Loweruka m'mawa sichinali nzeru yokha.

Msewu udakwera, malambe adatha, mpweya udayamba kuluma m'makutu. Adafika chakumasana nkhungu itakuta mapiri, moti mitengo ya kumishoni inkaoneka mitu yokha. Nyumba ya amayi inali yotseka. Mlongo wake wamng'ono, Salvador, amene ankalima kachewere ndi kabichi m'munda wa makolo, adabwera ndi kiyi, matope ali m'miyendo.

M'nyumbamo munali zii. Mphasa yopinda, kolona pa msomali, kalendala ya chaka chimene adamwalira. Fungo lija linalimobe, lochepa, lokakamira m'makoma. Zulmira adapita pangodya pamene pankakhala mtsuko. Panali mphako yozungulira m'dothi, pamene matako a mtsukowo adadya pansi kwa zaka makumi atatu, ndipo mtsukowo panalibe.

"Iwe Salvador, mtsuko wa amayi uli kuti?"

"Kodi simudziwa, Mana? Adatenga Élia, pogawa paja. Inutu munali mutapita." Adanena mopanda mkwiyo, ndipo zidamuwawa kwambiri Zulmira chifukwa cha chimenecho. "Amausamala ngati mwana. Mwezi uliwonse ndikamatsitsa kachewere ku Moatize ndimamusiyira bidawu imodzi, chigubu chodzaza madzi a pakasupe pathupa, ndi kathumba ka zopala za kwa akalipentala. Amafukiza Loweruka, ngati mayi."

"Bidawu imodzi ikwanira banja mwezi wonse?"

Salvador adaseka. "Ayi, amenewo samwa okha. Ndi madzi a alendo. A padiri akabwera, apongozi akabwera, dalaivala wanu uja akabwera. A pachitsime paja akuti amachititsa manyazi pamaso pa mlendo."

Zulmira adakhala pansi, pa dothi lozizira, pafupi ndi mphako ija. Mzimu wa amayi udamuchokera nthawi yomweyo, ndipo chimene chidabwera m'malo mwake chinali choopsa kuposa mzimu. Ngati m'botolo munkakhala madzi a mumtsuko, ndiye kuti madzi a m'chitsime cha ku Nyamitondo iye anali asanawayezepo n'kamodzi komwe. Salvador adamufunsa ngati wadwala. Iye adangopempha zopala pang'ono, adaziika m'kathumba, ndipo adadzaza botolo limodzi pakasupe.

Lamulungu masana adatsika shapa pamphambano n'kuyenda pansi kukalowa ku Nyamitondo. Mudzi unali wopanda munthu panja, onse anali ku mapemphero a mphakati, nyimbo ikumveka patali, mphepo ikuibweretsa n'kuichotsa. Phiri lakuda lija linali litaphimba theka la thambo. Adapeza chitsime kumunsi kwa mudzi, chomangidwa ndi njerwa, chingwe ndi chidebe zili pompo. Mapepala makumi awiri ndi anayi adasainira chitsime chimenechi, ndipo aka kanali koyamba kuchiona ndi maso.

Pa chitsime chilichonse pamakhala tizamoyo. Pamatope a madzi otayikira pamatera njuchi ndi agulugufe, m'ming'alu mumakhala achule. Apa panalibe kanthu, ngakhale ntchentche. Matopewo anali ndi kamzere kachikasu m'mphepete. Adasuzumira m'kati ndipo nkhope yake idamuyang'ana kuchokera pansi, itazunguliridwa ndi mitundu ya utawaleza imene inkayenda pang'onopang'ono popanda chowayendetsa. Adaponya chidebe, adakoka, adadzaza mabotolo awiri. Fungo lake silinali la fumbi la malasha, linali ngati la pansi pa galaja. Nyumba ya Élia inkaoneka pamenepo, zovala zili pa chingwe. Zulmira sadapiteko. Adathawa ngati wakuba, akudziuza kuti ayambe waona zotsatira, koma chenicheni ankaopa nkhope ya mng'ono wake.

Lolemba adayamba ndi zopala za mkungudza. Adazifukiza m'kambale, utsi adaukola m'madzi a pakasupe, ndipo pa mphindi ya khumi ndi chisanu ndi chiwiri nsonga idaima, zidutswa zake zikufanana ndi zija chimodzichimodzi. Funso limene lidamusowetsa chakudya sabata yathunthu linali litayankhidwa, ndipo sadamve chimwemwe chilichonse. Kenako adabayira madzi a pachitsime.

Mzere sudadikire. Mphindi yachitatu isanakwane udadumpha, udatsika, udadumphanso, ndipo kuyambira pamenepo sudagwerenso pansi. Nsonga zinkakwerana pamsana ngati mano a sowo, zina zinkapyola pamwamba pa galasi. Kompyuta, imene idachita chibwibwi ndi mkungudza wosalakwa, apa inkatchula mayina mosakayika, motsatizana. Zina zinali za m'mafuta akale a injini, zina za m'mankhwala otsukira zitsulo, zina za mu phula la malasha. Zisanu mwa izo zinali pa mndandanda wakale uja wa makumi anayi, zitapyola malire mochita kuchititsa chizungulire. Pakati pake panalinso nsonga zina zimene nkhokwe yonse ya mayina inalibe dzina lake.

Ndiye adachita chinthu chimene chidamupweteka kuposa zonse. Adatsegulanso mizere yakale ija, yosesedwa bwino ija, n'kukulitsa udzu wake kakhumi, kenako ka zana. M'kati mwa udzumo, pamalo omwewo, pa mphindi zomwezo, munali timitu ting'onoting'ono. Tinalimo mwezi uliwonse, kuyambira botolo loyamba. Tinalimo m'mizere imene mapepala ake adawerenga tsiku limene Élia adaimba foni. Sadamvetse kuti tidalowa bwanji m'madzi a mumtsuko, koma tinalimo, tochepa kwambiri moti kompyuta inkatiyesa udzu.

Dona Cármen adayang'ana galasi nthawi yaitali, adavula magalasi ake a m'maso. Adati aimbira kampani lero lomwe, koma Zulmira ayezenso kawiri kuti pasakhale wotsutsa, ndipo galimoto ya madzi ingathe kufika kumudziko Lachinayi kapena Lachisanu. Sanali munthu woipa, ankangolankhula monga amalankhulira a m'maofesi. Zulmira adavula chovala chake choyera, adachisiya pampando, ndipo adauza Sidónio kuti alize galimoto. Panjira mkuluyo adaulula yekha asanafunsidwe. Mwamuna wa msinkhu wake, mlendo, sakadapita kukapikisana ndi amayi pa chingwe cha chitsime. Ankafikira kwa mng'ono wa Dotora, ankapatsidwa mpando pamthunzi, botolo linkapita ndi mwini khomo n'kubwera lodzaza. Iye ankaona kuti ndi ulemu kumbali zonse ziwiri.

Adampeza Élia akupeta nyemba pakhonde, miyendo yotupa ataitambasula. Ataona mkulu wake adadzuka movutikira, nkhope itawala, n'kuyamba kupukuta mpando ndi chitenje.

"Mana! Osaimba foni bwanji? Mwandipeza ngati wamisala."

"Khala pansi, Élia. Botolo la Tiyu Sidónio umadzazamo madzi ati?"

Kuwala kuja kudazima. Élia adayang'ana galimoto, adayang'ana nyemba zake. "A mumtsuko," adatero motsitsa mawu. "Koma sindinakunamizeni, Mana. A pachitsime ndimathiramo. Supuni imodzi, mwezi uliwonse, sindinaiwalepo."

"Supuni imodzi."

"Si inu munanena pa ukwati uja wa Lizete kuti makina anu amapeza kambewu ka mchere mu mgolo? Ndinati ngati ndi choncho supuni ikwana. Choipa chikakhalamo achiona."

"Nanga osangodzaza a pachitsime bwanji?" Mawu a Zulmira adakwera, ndipo nkhuku zidabalalika. "Chinkavuta n'chiyani?"

Élia sadakweze ake. "Tsiku loyamba ndinadzaza a pachitsime. Nditaliyang'anitsa padzuwa botololo, linali ngati mkodzo wa ng'ombe. Ndiye lipite ku ofesi kwanu, lifike patebulo panu, anzanu a ntchito aone, azinena kuti awa ndi amene amamwa mng'ono wake wa Dotora? Inu chiyambire ntchito imeneyi simunamwepo madzi pakhomo panga. Mumabwera ndi anu ogula m'chikwama. Ndimaona, Mana, sindine mwana. Ndinati kwanga angakane kumwa, koma chopita m'manja mwawo chikhale choyera. Mayi sankapereka kwa wamkulu chinthu choti iwo achite nacho manyazi."

Zulmira adafuna kuyankha, koma botolo la madzi ogula linali m'chikwama chake nthawi yomweyo, ndipo ankalimva kulemera kwake pa ntchafu. Adafotokoza. Adati makina amaonadi zochepa, koma munthu amawauza malire, ndipo chochepera malirewo amachiyesa udzu. Supuni imodzi m'botolo lonse inkamira. Adati chitsimecho chili ndi ziphe, zambiri, ndipo zakhalamo kuyambira kale. Madzi akatayika saoleka, ndipo onse awiri ankadziwa madzi amene adatayika pakhomo limenelo.

Kumgodi galimoto yaikulu inkalira pobwerera m'mbuyo, kulira kwake kumamveka ngati kuli kuseri kwa nyumba.

"Berta," adatero Élia. "Ndi zimenezi?"

"Sindikudziwa."

"Inu mumadziwa zonse za madzi."

"Sindikudziwa, Élia. Zingatheke. Palibe makina angandiuze tsopano."

Élia adaika dzanja pamimba. "Nanga uyu?"

Zulmira adagwetsa misozi, ndipo adayankha chimodzimodzi. Adati mawa apite naye kuchipatala ku Tete, adati abwere azikakhala kwake ku Moatize, adati lero lomwe agula madzi okwanira nyumba yonse. Ankalankhula mofulumira, ngati munthu wotseka ming'alu ya denga mvula ili m'kati. Élia sadalire. Adatenga lichero lake, adalilowetsa m'nyumba, adatuluka atamanga chitenje china.

"Tiyeni kuchitsime," adatero. "Ino ndi nthawi yotunga, onse ali komweko. Ena anali atayamba kale kupita kumtsinje, kutali konse kuja, ine n'kukawabweza. Ndinayenda khomo ndi khomo, ndikunena kuti Mana wanga wayeza. Ine pakamwa panga sipangathenso. Mukawauze nokha."

Adatsogola wamng'ono, akuyenda mopendekera ndi mimba yake, wamkulu pambuyo. Kuchitsime kunali amayi oposa khumi ndi asanu, zidebe zili pamzere, ana akuthamangitsana pamatope achikasu aja. Mayi wina anali atagwada, akumwetsa mwana wake ndi chikho. Wina, Cacilda, amene nyumba yake idagundana ndi ya Élia, adatembenuka chingwe chili m'manja, adamuyang'ana mlendoyo kuyambira kunsapato, ndipo adamuzindikira.

"Amayi inu, taonani! Si awa a Dotora athu aja? Amene amatiyang'anira madziwa!"

Chingwe adachisiya. Amayi adatula zidebe, ena adapukuta manja m'zitenje, ena adapinda maondo mwaulemu, ndipo wina kumbuyo adayamba nthungululu. Adawomba m'manja onse pamodzi, mokondwa, monga awombera munthu amene akhala akufuna kumuthokoza kwa nthawi yaitali. Élia adapatuka n'kuima pambali, maso ali pansi. Zulmira adaima pakati pawo, akudikira kuti amalize kuwomba.